Zolankhulidwa pa misonkhano ya pa yunivesite tizizimva bwanji?

Temu ikangoyamba, mabolodi a zidziwitso pa yunivesite amadzaza ndi mapepala oitana anthu. Apa msonkhano wa masiku atatu wa akatswiri a za nthaka, apo semina ya Lachitatu masana, uko pulofesa watsopano adzalankhula mu holo yaikulu madzulo, pena anthu anayi adzakambirana za malamulo a zisankho ndipo aliyense ndi wolandiridwa. Munthu wongodutsa amaziona zonsezi ngati chinthu chimodzi: ophunzira kwambiri akulankhula, ena akumvetsera. Chonsecho zochitika zimenezi n'zosiyana pa cholinga, pa amene akuitanidwa, ndiponso pa kulemera kwa mawu olankhulidwamo. Kusiyana komalizaku ndi kumene kumasokoneza anthu ambiri, atolankhani omwe. Tikamva kuti "akatswiri anena pa msonkhano" timatenga ngati nkhani yatha, pamene nthawi zambiri mwiniwake wabweretsa dala ntchito yosamaliza kuti anzake aigwedeze, aone ngati iima.

Mu Juni 1993, ku Isaac Newton Institute pa yunivesite ya Cambridge, kunali msonkhano wa akatswiri a masamu, ndipo Andrew Wiles anapatsidwa mpata wolankhula katatu, masiku atatu otsatizana. Mutu umene unalembedwa pa ndondomeko unali wouma, wongotchula nthambi za masamu, wosaulula kumene nkhaniyo ikulowera. Komabe manong'onong'o anayamba kuyenda, moti tsiku lachitatu, pa 23 Juni, chipinda chinadzaza. Pomaliza Wiles analemba pa bolodi mfundo ya Pierre de Fermat, katswiri wakale wa masamu wa ku France, imene inazunguza mitu ya akatswiri kwa zaka zoposa 350, nanena kuti aimira pomwepo. Anali ataigwira ntchitoyo mwakachetechete kwa zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Kutacha, nyuzipepala za m'maiko ambiri zinalemba kuti funso la Fermat layankhidwa.

Linali lisanayankhidwe. Zolemba zake, masamba pafupifupi 200, zinagawidwa kwa akatswiri ochepa kuti aziwerenge mzere ndi mzere, ndipo mmodzi wa iwo, Nick Katz, anafunsa funso lomwe poyamba linkaoneka laling'ono. Wiles anayesa kuliyankha koma zinakanika: panali pena pamene mfundo sizinkalumikizana. Mu Disembala 1993 anavomera poyera. Anakhalanso pansi, kenako mothandizana ndi Richard Taylor amene kale anali wophunzira wake, mpaka mu Sepitembala 1994 pamene njira inapezeka, ndipo ntchito yokonzedwayo inatuluka mu 1995 m'magazini ya Annals of Mathematics. Palibe amene ananama tsiku la msonkhano lija. M'chipindamo munali anthu odziwa nthambiyo kuposa wina aliyense padziko, anaomba m'manja ndi mtima wonse, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanaona cholakwikacho pongomvetsera.

Mmene ntchito imafikira pa ndondomeko

Msonkhano umene mukuuona pa bolodi lero unayamba kukonzedwa chaka chapitacho kapena kuposa apo. Okonza amakhala bungwe la akatswiri a nthambi inayake, mogwirizana ndi dipatimenti ya yunivesite imene yavomera kulandira alendowo. Iwo amatulutsa kalata yoitana ofufuza kuti atumize ntchito zawo. Chimene wofufuza amatumiza kawirikawiri si pepala lonse ayi, koma chidule chabe, mawu mazana awiri kapena atatu onena funso limene akufufuza, njira imene watsata ndi zimene wapeza. Popeza tsiku lomaliza kutumiza limafika miyezi ingapo msonkhano usanachitike, ambiri amalemba chidulecho ntchito ikadali pakati, ena asanaone n'komwe zotsatira. Komiti imagawa zidulezo kwa akatswiri awiri kapena atatu, omwe amaziwerenga mongodzipereka, osalipidwa, mwina usiku atatopa kale ndi kuchonga mayeso. Manambala onse a kafukufukuyo sawaona. Amangoweruza ngati ntchitoyo ikumveka, ngati ikugwirizana ndi mutu wa msonkhano, ndi ngati ingakope anthu.

Kusankha kotereku n'kodalirika motani? Okonza msonkhano waukulu wa NIPS, umene pano umatchedwa NeurIPS, wa akatswiri opanga makompyuta otha kuphunzira okha, anaganiza zodziyesa mu 2014. Anatenga gawo limodzi mwa magawo khumi a mapepala amene analandira n'kulipereka kwa makomiti awiri, iliyonse iweruze payokha. Makomitiwo anasiyana maganizo pa pepala limodzi mwa anayi alionse, ndipo pafupifupi theka la mapepala amene komiti imodzi inavomera, inzake inawakana. Atabwereza kuyesaku mu 2021, zotsatira sizinasinthe kwenikweni. Ndiye kumbukirani kuti uwu ndi msonkhano umene amawerenga pepala lathunthu, osati chidule. Mmene ndimaonera ine, mapepala abwino zedi ndi oipitsitsa amadziwika msanga, koma unyinji wa pakatiwo umayendera kuti wagwera m'manja mwa yani. Wophunzira amene wakanidwa asataye mtima kwambiri, ndipo amene watengedwa asafulumire kudzigunda pachifuwa.

Nthambi za maphunziro sizilemekezanso misonkhano mofanana. Kwa a makompyuta, pepala lolowa pa msonkhano wotchuka limawerengedwa ngati lasindikizidwa kale, ndipo munthu amakwezedwa nalo pantchito. Kwa a zachipatala, zaulimi kapena mbiri yakale, zokamba pa msonkhano ndi kalambulabwalo chabe. Gule mwini ndi pepala lathunthu lotuluka m'magazini ya akatswiri litaunikidwa. Ndipo zambiri sizifika kumeneko. Bungwe la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa ndi kusanthula kafukufuku wa zaumoyo, linatulutsa mu 2018 lipoti lolondola zidule zoposa 300,000 zokambidwa pa misonkhano ya zaumoyo ndi sayansi yoyandikana nazo. Zimene zinadzasindikizidwa mokwanira zinali pafupifupi 37 pa 100 zilizonse. Zinaonekanso kuti kafukufuku wopeza kuti mankhwala akugwira ntchito ndiye amakonda kusindikizidwa kuposa wopeza kuti palibe chasintha. Sikuti zotsalazo zonse zinali zolakwika. Kwina ndalama zinatha, kwina wophunzira anamaliza digiri n'kukayamba ntchito ina, kwina nthawi inangosowa. Komabe mukamva pa wailesi kuti pa msonkhano wakuti apeza kuti chomera chakuti chimachiza nthenda yakuti, dziwani kuti n'kutheka ndithu nkhaniyo simudzaimvanso.

Tsiku lenilenilo likafika, m'mawa onse amasonkhana mu holo imodzi kumvetsera mlendo wamkulu, katswiri amene wachita kuitanidwa ndi dzina ndipo sanadutse pa komiti. Iyeyu amapatsidwa ola lathunthu. Zikatha izo anthu amabalalikira m'zipinda zing'onozing'ono, zisanu kapena khumi zikuyenda nthawi imodzi, moti palibe munthu amene amamva msonkhano wonse. M'zipindamu ndi mmene muli ntchito. Aliyense ali ndi mphindi 15, zikachuluka 20. Wapampando amakhala kutsogolo ndi wotchi ndi timakadi. Akakweza kolembedwa 5, wolankhula amayamba kuthamanga. Akakweza ka 1, masilaidi otsala amangodutsa osawerengeka, kuphatikizapo ija yonena zofooka za kafukufukuyo, imene imakonda kukhala kumapeto. Ntchito ya zaka zitatu yapanikizidwa m'kotala ya ola. Ena sapatsidwa n'komwe mpata wolankhula. Amapachika pepala lalikulu pa bolodi mu khonde, n'kuima pambali pake kudikira odutsa. Ambiri amaona kumeneku ngati kuchepetsedwa, koma ndi pokhapo pamene munthu angacheze ndi wofufuza modekha, kuloza chala pa nambala n'kufunsa kumene yachokera.

Mphindi zisanu za mafunso ndizo zimene msonkhano wonse unakonzedwera, ngakhale zimaonongeka kawirikawiri. Sipalephera kukhala mkulu wina woimirira kuti afunse, n'kuyamba kufotokoza kafukufuku wake wa zaka makumi awiri zapitazo, mpaka wapampando kuchita kumuchonderera kuti funso lili pati. Koma pamakhalanso funso lija lochokera kumbuyo, lofunsidwa ndi mawu otsika: "Pepani adokotala, anthu amene anasiya kubwera kudzayezedwa mwezi wachitatu aja munawawerengera mbali iti?" Wolankhula akayamba kuvundukula mapepala ake, odziwa amadziwa kuti pagwa nkhani. Kwa mlendo zimaoneka ngati kuchititsana manyazi. Wofufuza wanzeru amalilemba funsolo n'kukamufunafuna wofunsayo pa nthawi yopuma, chifukwa kuli bwino limupeze m'chipinda cha anthu makumi atatu kusiyana n'kuti lidzamupeze pepala litasindikizidwa, dzina lake lili pamwamba.

Pali nkhani ziwiri zoyenera kuziika pamodzi. Pa 23 Malichi 1989, Stanley Pons ndi Martin Fleischmann, akatswiri a kemisitiri, anaitana atolankhani ku yunivesite ya Utah ku America n'kulengeza kuti akwanitsa kuphatikiza maatomu n'kutulutsa mphamvu, monga zimachitikira mkati mwa dzuwa, koma m'kabotolo ka pa tebulo, popanda kutentha koopsa. Zikanakhala zoona, vuto la magetsi padziko likanakhala mbiri yakale. Iwo anayambira kwa makamera, anzawo asanaone bwinobwino mmene anachitira. Malabotale ambiri anasiya zonse kuti ayesere. Kumayambiriro kwa Meyi chaka chomwecho, pa msonkhano wa American Physical Society ku Baltimore, magulu a ofufuza anaimirira motsatizana kunena kuti ayesa koma sanapeze kanthu. Mbiri ya awiriwo sinabwererenso mwakale.

Mu Sepitembala 2011 gulu la akatswiri a fizikisi lotchedwa OPERA linapeza chodabwitsa chachikulu mofanana. Tinthu ting'onoting'ono totchedwa neutrino, totumizidwa kuchokera ku CERN, labotale yaikulu ya fizikisi pafupi ndi Geneva, kupita ku Gran Sasso ku Italy, mtunda wa makilomita 730, tinkaoneka kuti tikufika msanga kuposa mmene kuwala kukanafikira, zimene zikutsutsana ndi mfundo za Albert Einstein. Gululo linachititsa semina ku CERN, n'kufotokoza muyeso uliwonse, n'kupempha anzawo kuti awathandize kufufuza pamene angakhale atalakwitsa, popeza iwo anafunafuna miyezi yambiri osapaona. Atolankhani analipo, ndipo mitu ya nkhani inakuwa kuti Einstein wagwa, koma eni akewo sananene zimenezo. Mu Febuluwale 2012 zinadziwika kuti chingwe china chonyamula chizindikiro cha nthawi sichinamangidwe bwino. Manyazi analipo, atsogoleri awiri a gululo anatula pansi maudindo. Magulu onse awiri analakwa, inde, koma lina linabwera ndi chilengezo pamene linalo linabwera ndi funso, ndipo semina inakhazikitsidwira chachiwirichi.

Nanga amaonongeranji ndalama za ulendo?

Wina angafunse kuti ngati zokambidwazo zili zosamalizidwa chonchi, komanso masiku ano pepala lingangoikidwa pa intaneti aliyense n'kuliwerenga, kukumana n'kwa chiyani? Pali mikangano ina imene sitha polemberana. Mu 1860 akatswiri a kemisitiri sankagwirizana ngakhale pa kulemera kwa maatomu, moti chinthu chimodzimodzi chinkalembedwa m'njira zambirimbiri. Pafupifupi 140 mwa iwo anakumana ku Karlsruhe ku Germany mu Sepitembala chaka chimenecho. Masiku atatu anatha osamanga chimodzi. Koma anthu akubalalika, panagawidwa kabuku ka Stanislao Cannizzaro wa ku Italy kolongosola njira yopezera kulemerako. Lothar Meyer anakawerenga ali pa ulendo wobwerera kwawo ndipo anadzanena kuti kanamutsegula maso. Pa msonkhanowo panalinso Dmitri Mendeleev, mnyamata wa zaka 26 wa ku Russia, amene mu 1869 anatulutsa tebulo la maelementi lomwe limapachikidwa m'makalasi a sayansi mpaka lero. Munthu woweruza msonkhano wa ku Karlsruhe ndi mfundo zimene unamanga akanati unalephera.

Nthawi zina msonkhano umaloza kumene nthambi yonse ilowere. Ku Paris mu Ogasiti 1900, David Hilbert sanabwere ndi mayankho koma mafunso: anatchula khumi polankhula, ndipo mndandanda wosindikizidwa unali ndi 23. Akatswiri a masamu analimbana nawo zaka zana lotsatira, ena mpaka pano sanayankhidwe. Ku Dartmouth College mu 1956, kagulu kochepa koitanidwa ndi John McCarthy ndi anzake kanakhala milungu ingapo kukambirana ngati makina angaganize, ndipo ambiri amawerengera chiyambi cha AI, nthambi yofufuza nzeru za makina, kuchokera pamenepo.

Ndiye pali za mu khonde, zimene sizilembedwa pa ndondomeko. Mu Juni 1962 pa koleji ya Makerere, mumzinda wa Kampala, kunachitika msonkhano wa alembi a mu Africa olemba m'Chingerezi. Kunabwera Chinua Achebe, Wole Soyinka, Christopher Okigbo, Ezekiel Mphahlele ndi ena. Wophunzira wina wa pa Makerere pomwepo, James Ngugi, amene anadzadziwika kuti Ngũgĩ wa Thiong'o, anapezerapo mwayi wopatsa Achebe zolemba zake kuti azione, ndipo mu 1964 buku lake loyamba linatuluka ku Heinemann, kumene Achebe anali mlangizi. Umu ndi mmene ambiri amapezera owayang'anira pa digiri yapamwamba, anzawo ofufuza nawo, ngakhale ntchito. Koma msonkhano womwewo, mwa mutu wake wokha, unasiya kunja onse olemba m'Chiswahili, m'Chiyoruba ndi m'zilankhulo zina za mu Africa, ndipo mkangano umene unabuka pa zimenezo sunathe mpaka lero. Ngũgĩ mwiniwake anadzasiya kulemba nthano zake m'Chingerezi n'kuyamba Chigikuyu. Mutu wa msonkhano umaitana ena, n'kutsekera ena kunja.

Zochitika zotsegukira aliyense

Pa bolodi lomwe lija pali zina zokonzedwera anthu wamba, zimene ambiri saziyandikira poganiza kuti geti la yunivesite ndi la okhala ndi ziphaso okha. Chonsecho kutsegula zitseko n'kwakale kwambiri. Ku Collège de France ku Paris, sukulu imene inayamba mu 1530, aliyense amalowa kukamvetsera mapulofesa kwaulere, osalembetsa, popanda mayeso kapena digiri. Gresham College ku London yakhala ikuchita zofanana kuyambira 1597, ndipo ku Royal Institution nkhani za sayansi za pa Khirisimasi zokambira achinyamata, zimene Michael Faraday anatchuka nazo, zinayamba mu 1825.

Amene sanapiteko chiyambire ndimawalangiza kuyamba ndi nkhani ya pulofesa watsopano. M'mayunivesite ambiri, munthu akakwezedwa kufika pa udindowu amayembekezeka kuima poyera n'kufotokoza zimene wakhala akufufuza moyo wake wonse. Kutsogolo kumakhala achibale ake, ndiye amakakamizika kulankhula zomveka. Kwina kulinso mayeso a digiri ya udokotala ochitikira poyera. Ku Sweden, Finland ndi Netherlands aliyense angalowe kukaona wophunzira akupanikizidwa ndi mafunso, ndipo ku Sweden kuli mayunivesite kumene bukulo amalikhomera ndi msomali pamalo oonekera kutatsala milungu itatu, kuti wofuna kulitsutsa aliwerenge. Ku Britain mayeso omwewo amachitikira m'chipinda chotseka.

Nkhani yokambira anthu wamba ili ndi ngozi yake, yosiyana ndi ya msonkhano wa akatswiri. Kuja zonenedwa n'zosamalizidwa koma otsutsa ali pomwepo. Kuno zonenedwa kawirikawiri n'zokhazikika kale, zongofewetsedwa, koma otha kutsutsa mulibe m'holomo. Katswiri weniweni wa za mitsempha ya ubongo akalandira funso la zachuma, maikolofoni ili m'manja, anthu mazana atatu akumuyang'ana, ndi ochepa amene amalimba mtima kunena kuti zimenezo si zanga. Amayankha ndi ulemerero womwewo, ndipo omvera sadziwa kuti wadumpha mpanda. Pomvetsera, muzisiyanitsa pamene munthu akunena za ntchito imene wagwira yekha ndi pamene akungopereka maganizo ngati wina aliyense.

Zokambirana za anthu anayi kapena asanu pa tebulo limodzi zimadalira wapampando. Akakhala wofooka, aliyense amangowerenga zimene anakonzera kunyumba, nthawi n'kutha asanayankhane. Mtsutso wa mbali ziwiri ndiye wokoma kuonera, koma umayesa luso la pakamwa kuposa choonadi. Pa 30 Juni 1860, pa msonkhano wa British Association ku Oxford, Bishopu Samuel Wilberforce ndi wasayansi Thomas Huxley anasemphana pa mfundo za Charles Darwin zakuti zamoyo zinachita kusandulika kuchokera ku zinzake, mwiniwakeyo asanabwere n'komwe. Chimene anthu amakumbukira n'chakuti bishopuyo anafunsa Huxley ngati anachokera kwa nyani kudzera mwa agogo aamuna kapena aakazi, Huxley n'kumubwezera mawu olasa. Palibe amene analemba mawu enieni tsikulo, amene analipo anadzafotokoza mosiyanasiyana, ndipo mbali zonse zinatuluka zikudzitama kuti zapambana. Funso lenilenilo linadzagamulidwa ndi umboni wa zaka zambiri zotsatira. Mipando iwiri yoyang'anana imapangitsanso omvera kuganiza kuti akatswiri agawikana pakati, pamene mwina mbali imodzi ili ndi anthu zikwi, inayo ndi ochepa owerengeka pa zala.

Pa zoitana zina mudzaona kuti zokambiranazo zitsata lamulo la Chatham House. Lamuloli, lomwe linayamba ku London mu 1927, limalola kuti mukanene kunja zimene mwamva, koma osatchula amene wanena kapena kumene amagwira ntchito. Limathandiza akuluakulu a boma ndi a makampani kumasuka, koma mtolankhani kapena wokonda kulemba pa Facebook azidziwiratu asanalowe.

Walipira ndani, walowa ndani

Misonkhano imadya ndalama, ndipo kumene zachokera kumalembedwa m'munsi mwa chidziwitso ndi tizilembo tating'ono. Werenganipo. Kampani yothandiza msonkhano sikuti nthawi zonse imalamula zokambidwa, koma zinachitikapo. Makampani a fodya analipirira misonkhano ya akatswiri yokamba za utsi umene osasuta amapuma, ndipo kafukufuku wa Lisa Bero ndi anzake, wotuluka m'magazini ya JAMA mu 1994, anaonetsa kuti mapepala ochokera ku misonkhano yotere ankakonda kugwirizana ndi zonena za makampaniwo kuposa mapepala ounikidwa mwa masiku onse. N'chifukwa chake pa misonkhano ya zachipatala wolankhula amayamba ndi silaidi youlula amene amamulipira. Imangothwanima kamodzi n'kudutsa, koma ndi imodzi mwa zofunika kuziona.

Kulowa nako si kwa aliyense. Pali ndalama yolembetsa, ya ndege, ya malo ogona, ndipo misonkhano ikuluikulu yambiri imachitikira ku Ulaya ndi kumpoto kwa America, m'Chingerezi. Pamwamba pa izo pali viza. Pa msonkhano wa dziko lonse wa Edzi ku Montreal mu 2022, nthumwi zambiri za ku Africa ndi maiko ena osauka zinakanizidwa viza kapena kuilandira mochedwa, mpaka nkhaniyo inadandaulidwa pa mwambo wotsegulira. Tangoganizani, msonkhano wokamba za nthenda imene yasautsa kwambiri Africa, eni vutolo atatsala pa mzere ku ofesi ya kazembe. A makompyuta anakumana ndi zomwezo pa NeurIPS ku Canada mu 2018 ndi 2019, ndipo msonkhano wina waukulu wa nthambiyo, ICLR, unakachitikira ku Kigali mu 2023. Mliri wa Covid-19 utakankhira misonkhano pa intaneti mu 2020, ambiri amene sakanakwanitsa ulendo analowa kwa nthawi yoyamba. Nkhani anamva, koma khonde lija panalibe, ndipo misonkhano yophatikiza opezekapo ndi a pa intaneti imene inatsatira imakonda kusiya a pa intaneti ngati oonerera, mafunso awo akuwerengedwa nthawi ikatsala.

Njala yofuna kuonekera pa msonkhano wa kunja, makamaka kumene kukwezedwa pantchito kumadalira zimenezo, yabala malonda a akamberembere. Mu 2005 ophunzira atatu a pa yunivesite ya MIT ku America analemba pulogalamu ya kompyuta yotchedwa SCIgen, yongosanja mawu a sayansi opanda tanthauzo kuti aoneke ngati pepala, zithunzi ndi manambala zili momwemo. Pepala limodzi lotere linavomerezedwa pa msonkhano wina wa ku Orlando. Mu 2014 Springer ndi IEEE, osindikiza odziwika, anachotsa mapepala oposa 120 opangidwa ndi pulogalamu yomweyo amene anali atalowa m'mabuku a misonkhano, katswiri wa ku France Cyril Labbé atawatulukira. Ndipo mu 2019 khoti la ku Nevada ku America linalamula kampani ya OMICS ndi zinzake kulipira madola oposa 50 miliyoni pa mlandu umene Federal Trade Commission, bungwe la boma la America loteteza ogula, inawasumira wonyenga ofufuza pa magazini ndi misonkhano.

Misonkhano yabodza imafanana. Imelo imabwera yokutamandani kuti ndinu katswiri wolemekezeka, ngakhale musanasindikizepo kanthu, mwinanso pa nthambi imene si yanu. Mutu wake ndi wotambalala moti chilichonse chingalowe. Chidule chimavomerezedwa m'masiku awiri, kalata yofuna ndalama ili pambuyo pomwepo. Okonza omwewo amakhala ndi misonkhano makumi angapo ya nthambi zosiyana mu hotela imodzi, sabata imodzi, ndipo wofika amapeza kachipinda ka anthu khumi ndi awiri: wa za mano, wa za milatho, wa za ziweto, aliyense akulankhula kwa anthu osamva zimene akunena. Dzina la yunivesite yotchuka likhoza kukhala pa chidziwitso chifukwa chongoti abwereka chipinda kumeneko, popeza mayunivesite ambiri amabwereketsa maholo awo pa nthawi ya tchuthi. Funsani kuti bungwe la akatswiri limene laitanitsa ndi liti, dipatimenti imene ikulandira ndi iti, ndipo mapepala a chaka chatha ali kuti. Ngati mukukayikabe musanalipire, lemberani mmodzi wa mapulofesa olembedwa pa komiti, pogwiritsa ntchito adiresi ya ku yunivesite kwake osati imene ili pa kalata yoitanayo. Pa mlandu wa OMICS zinapezeka kuti akatswiri ambiri amene maina awo ankalengezedwa ngati okonza kapena olankhula anali asanavomere n'komwe.